Chiwala Asapitirire pa 70

Sakina mwana wanga,

Ndiyambe ndi kukonza zimene azakhali ako akhala akufalitsa kuyambira masana, chifukwa ndikudziwa kuti pofika mawa zikhala zitakwera kabaza mpaka ku Chikweo. Akuti ndakukaniza kutenga Chiwala, galimoto yathu ya rimoti ija, ku yunivesite ku Blantyre chifukwa cha nsanje, poti iwe ukupita kumene ine ndinalephera. Mabodza alipo awiri pamenepo, ndipo lachitatu ndi loti Chiwala ndi chidole. Sindinalephere. Ndinachoka m'chaka chachitatu mayeso onse nditakhoza, agogo ako atadwala kumudzi, banja litakhala pansi n'kuona kuti woyenera kusiya sukulu ndi wamkazi, amalume ako apitirize. Iwo anavala gauni, ine ndinaphunzira kutembenuza wodwala pa mphasa. Nsanje ndili nayo, sindikana, koma ndi ya amalume akowo, ndipo ndidzapita nayo kumanda ili yonse. Ya iwe ndilibe. Tsiku limene dzina lako linatuluka ndinavina pakhomo pa shopu sikuludiraiva ili m'manja, mpaka wamakala anaimitsa njinga kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Za chidolezo udzawayankhe wekha tsiku lina. Udzawakumbutse kuti bambo ako anaitola galimoto imeneyi itafa, kumene amagwira ntchito ya m'galadeni ku Joni, n'kuitumiza pa basi itakulungidwa m'mabulangete. Inali yotalika ngati kuchokera pa chigongono changa kufika kunsonga ya chala, yopanda tayala limodzi, rimoti yake yosweka. Tinaiukitsa awiri pa tebulo la m'shopu, pakati pa mafani ndi mapampu a anthu amene ndimakonza, ine ndikuwotcherera mawaya, iwe ukusema tayala losowalo kuchokera ku mphira ya silipasi. Dzina unapereka ndiwe, tsiku limene inalumpha mizere ya mbatata ya Che Jafali, mwini golosale yoyandikana nafe, n'kutera ndi matayala onse anayi. Chidole sichichita zimenezo. Chidole sichikhala ndi mota imene munthu amaidikira miyezi kuti iwoloke malire a mayiko.

Ndinakana pamaso pa alendo odzakutsazika, mpunga uli m'kamwa, ndipo mwina ndikanatha kudikira kuti anthu asambe kaye m'manja. Koma nawenso unafunsa pamaso pa alendo dala, ukuganiza kuti ndichita manyazi. Unaiwala kuti manyazi ndinawasiya ku Blantyre pamodzi ndi matiresi anga. Tsopano wadzitsekera m'chipinda, ukuponya nsapato m'sutikesi mwamphamvu kuti ndimve. Ndamva. Poti sukundilankhula, ndikulembera, ndipo uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mizere monga umachitira ndi mapepala obwera m'mabokosi a zipangizo.

Chifukwa changa ndi chimodzi: kutentha. Mota tili nayo imodzi. Ikapsa, ku Balaka kuno kulibe sitolo yoigulitsa, ku Liwonde kulibe, ndipo bambo ako ananena kale kuti yachitatu sadzatumiza. Ukakaiwotcha ku Blantyre, Chiwala watha, ndipo chimene tinapanga awiri chidzasanduka chosungiramo mapensulo.

Mota yoyamba ndinaiwotcha ndine, ndi chala ichi. Unali Fomu 2, mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno lija loti ngakhale abuluzi amawoloka mchenga akuthamanga. Tinali pa bwalo la mpira kuseri kwa msika. Chiwala anali atangolandira mota yake yoyamba yopanda mabulashi, ndipo ankathamanga mpaka agalu anasiya kumulondola, anangokhala pansi n'kumamuyang'ana. Batire litatha tinaika lina pompo. Iwe unagwira mota n'kukuwa, “Amayi, ikuwotcha!” Ine ndinaikapo chala, n'kuchisiya pomwepo, n'kunena kuti, “Ikungofunda. Manja akowo ndi a mu ofesi ngati a amalume ako.” Tinaseka, n'kupitiriza mpaka azana ya ku mzikiti ya kulowa kwa dzuwa inatiitana kukapemphera.

Ndinaiwala kuti chala changa ndi chotani. Ine ndimatola khala la moto pa mbaula n'kuliponya mu simbi popanda supuni. Zaka zonsezi ndagwira chowotcherera, khungu la kunsongaku linasanduka chikopa cha ng'oma. Chala chotere n'chabwino pa ntchito zambiri, koma pa umboni n'chabodza. Akazi onse a kwathu ku Chikweo ali ndi zala zotere, ndipo aliyense wa iwo akanalumbira kuti mota ija ikungofunda.

Sinafuke utsi, ndipo ichi ndicho uyenera kuchiopa. Mota zakale za mabulashi, zija zili ndi timakala tiwiri m'kati, zikamafa zimalira, zimathetheka, zimanunkha, mudzi wonse umadziwa. Iyi imafa mwaulemu. Kutentha kumayambira mu waya wa kopa, n'kulowa m'maginito amene amazungulira pakati, ndipo maginito akapsa amataya mphamvu osaibwezanso, ngakhale uwagoneke mufiriji ya Che Jafali pakati pa zakumwa. Mawa lake Chiwala anadzuka bwinobwino, kungoti pokwera kachulu ankachita ngati waiwala kenakake kunyumba. Maginito ofooka amachititsa mota kumwa magetsi ambiri pa ntchito yomweyo, magetsi ambiriwo amabweretsa kutentha kwina, kutenthako n'kufooketsanso maginito. Mvula isanagwe, vanishi ya pa waya inali itapserera, mota itada m'kati ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinaitsegula, n'kuitsekanso, n'kuimbira bambo ako. Zimene ananena sindilemba, poti ndi munthu wopita ku mzikiti.

Choncho ukhulupirire chala chako, osati changa. Ukangoimitsa galimoto, ika chala pa thupi la mota uwerenge mpaka zisanu, kuwerenga kwa munthu wopanda changu, osati kwako kuja kothamangira kumaliza. Ukafika pa zisanu chala chikadali pomwepo, pitiriza. Chikathawa chokha usanafike, zimitsa. Palibe kukambirana. Ndipo manja akowo uwasunge akhale ofewa. Mawu aja a mu ofesi ndawabweza lero, ngakhale kwa amalume ako akhalabe momwemo.

Mota yachiwiri itafika, ndinalumbira kuti sindidzayezanso ndi mnofu wanga. Ndinakumbuka kamfuti koyezera kutentha kamene Che Jafali ankaloza nako anthu pachipumi pakhomo pa golosale nthawi ya korona. Kanali kakugona pa shelefu pakati pa machesi ndi mankhwala a makoswe. Ndinapita kumeneko Chiwala ali kukhwapa.

“Che Jafali, tandibwerekeni kamfuti kanu kaja.”

“Wadwala ndani, Abiti Sumani?”

“Uyu.”

Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, n'kuitana akazi awo. “Tabwerani mudzaone, galimoto ya mainjiniya ili ndi malungo! Tiipatse mapiritsi, kapena tiinyamule pa machila?”

“Lozani apa, musiye kuseweretsa pakamwa.”

Analoza. Kamfuti kanalira, n'kulemba tizilembo tiwiri m'malo mwa nambala. “Kakana,” anatero. “Kakuti wodwalayu anatisiya kale, itanani abale.”

Tinaseka mpaka akazi awo anakhala pa thumba la mchere. Kamfuti kotere kanapangidwira zipumi, ndiye kakaona kutentha kopitirira kwa munthu wodwala kamangogwetsa manja. Koma m'mbali mwake muli kabatani kosinthira kuti kaziyeza zinthu, monga botolo la mwana kapena khoma, ndipo kathuka ukakasintha kamawerenga mpaka pafupi ndi madzi owira. Che Jafali anandipatsa kuti ndizisunga, ati anatopa n'kuloza zipumi za anthu osagula kanthu. Pali china chimene kamfuti sikakuuza: chitsulo chonyezimira chimakapusitsa, kamawerenga nambala yotsika. N'chifukwa chake ndinamata kachidutswa ka tepi yakuda pa mota. Uziloza pa tepipo, utawerama, pafupi, osati uli chiimire patali ngati wapolisi wa pamsewu.

Manambala ndi awa, ndipo uwaloweze monga umalowezera nyimbo za pa wailesi zopanda mutu zija. Pansi pa 60 mota ili pa mtendere. Kuyambira 60 kufika 70 ikugwira ntchito yolemera koma ipirira, bola uziyang'ana pafupipafupi. Pa 70 ndiye pali mpanda. Ena amati ungafike 75, ndipo mwina akunena zoona, koma enawo ali ndi mota zina m'kabati. Ikafika 80 usafunsenso munthu, maginito ayamba kale kufooka. Kabokosi kolamulira liwiro nakonso uzikayeza, kasatenthe kuposa mota. Batire lisayandikire n'komwe pa 60, ndipo likatupa ngati mandasi ulichotse m'chipinda chogona anthu. Uziyeza ukangoima, n'kubwerezanso pakapita kanthawi, chifukwa moto wa m'kati umachedwa kutulukira pakhungu, ndipo nambala imatha kukwera galimoto itaima kale.

Ndikudziwa chimene ukunena m'mutu mwakomo: 160. Unabwera nayo nambala imeneyi ukuthamanga, foni ili m'mwamba ngati wapeza umboni wa kukhoti. “Amayi, mzungu uyu akuti mpaka 160 palibe vuto! Inu mumangotiopseza!” Ndinakufunsa kuti madzi amawira pa nambala yanji. Unati 100. Ndinati ndiye mota ya mzunguyo tingaphikirepo tiyi n'kukazingirapo mazira? Unabwerera ku foni, ndipo unapeza wekha kuti a ku America ali ndi muyezo wawo umene madzi amawira pa 212, ndiye 160 yawoyo ndi 71 yathu. Unabweranso n'kunena kuti, “Ndiye kuti mukugwirizana naye.” Iyayi, mwana wanga. Ine ndinanena kale, iyeyo ndiye akugwirizana nane. Koma tsiku limenelo ndinakondwa mumtima, chifukwa unakafufuza wekha osadikira kuti ndikutafunire. Ku sukuluko ukapeza anzako ambiri oloweza nambala osafunsa kuti ndi ya muyezo uti. Iwe uzifunsa.

Cholakwa china ndinachita chifukwa chokonda. Fumbi la kuno lili ndi tizitsulo takuda, maginito amatikoka, ndiye ndinkapeza mota itamera ndevu m'zibowo zake. Tikukonzekera kupita ku Utale ku ukwati wa mwana wa azakhali ako, kumene Chiwala anapemphedwa kunyamula mpeni wodulira keke, ndinaganiza monga amaganizira aliyense wa kuno: chinthu chamtengo timachikulunga. Wailesi timaiveka nsalu yoluka, rimoti ya kanema imakalamba ili m'pulasitiki yake, foni imayenda m'jumbo mvula ikangopanga mdima. Ndinakulunga mota m'jumbo, n'kumanga ndi malegeni, bwinobwino ngati kamba wa paulendo.

Chiwala analowa m'bwalo atavala riboni, mpeni uli pamsana, amayi akuimba nthungululu, ana akugwa pa mabenchi, mkwatibwi akuseka mpaka zodzola kusungunuka. Mkwati anapempha kuti azungulirenso, anthu anafuna kachitatu. Iwe ndi amene unanunkhiza. Unasiya rimoti m'manja mwanga, n'kuthamanga pakati pa bwalo ndi diresi lako la operekeza, n'kung'amba jumbo ndi zikhadabo. Inali itayamba kumata ngati chingamu. Kamfuti kanati 76. Tinapulumuka ndi mphuno yako. Mota imapuma ndi khungu lake lonse, Sakina, usaiveke kanthu. Fumbi uzichotsa ndi mswachi wakale mukamaliza kuyenda, ndipo zibowo za pa chivundikiro cha galimoto, zija ndinaboola ndi msomali wamoto, usazitseke ndi zomata zokongoletsa ngakhale zitakongola bwanji.

Pa ukwati pomwepo mkulu wina wa chigayo anabwera ndi kapu ya madzi kuti athirepo, ati ndi mmene amachitira ndi injini yake. Ndinamugwira dzanja. “Bambo, imwani madziwo, athandiza inuyo.” Madzi amaziziritsa kunja msanga m'kati mukadali moto, amalowa m'maberingi n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo akafika pa kabokosi ka liwiro ndiye maliro. Mankhwala ake ndi mthunzi ndi kudikira. Chotsa chivundikiro, muike pansi pa mtengo, upite ukamwe thobwa, ubwerere chala chikavomera.

Palinso kutentha kobwera ndi dzanja lolemera. Ife a kuno timamanga bawuti mpaka ilire, poti tinazolowera misewu imene imamasula chilichonse. Tsiku lina ndinakanikiza kagiya ka pa mota pa giya yaikulu ya matayala mpaka mano analumana osasiya mpata. Chiwala anayenda akulira ngati mwana wa mphaka, ndipo pa simenti penipeni, m'mawa wozizira wa Juni, chala chako chinathawa asanatope n'komwe. Ndinayamba kunyoza mota, kunyoza bambo ako amene anaigula, kunyoza ndi amene anaipanga, kaya ali dziko liti. Iwe unang'amba kapepala mu kope lako la masamu, n'kukalowetsa pakati pa magiya awiriwo, n'kumanga, n'kukatulutsa. Mpata wa pepala limodzi, basi, kulira kunatha. Ndinati nanenso ndimadziwa, ndimangokuyesa. Unati, “Eee, amayi,” ndi mawu aja amene akanakhala mwana wina ndikanamuponyera sipanala. Ndiye mota ikatentha popanda chifukwa, usayambe n'kuitukwana. Nyamula galimoto m'mwamba, zunguliza matayala ndi dzanja, umve ngati pali chogwira: ulusi wa thumba wokulungika ku tayala, kamwala m'mano a giya, beringi youma. Nthawi zambiri wolakwa sakhala mota.

Kafani kamene tinachotsa mu kompyuta yakufa ya ku ofesi kwa amalume ako n'kukamanga pamwamba pa mota kamathandiza, ndipo ndi chinthu chokhacho chaphindu chimene chinatulukapo mu ofesi imeneyo. Koma usakadalire. Kamaziziritsa khungu, kamfuti n'kukuuza nambala yokoma pamene m'kati mukuyaka. Ukaona kuti popanda kafani mota ikudumpha mpanda, vuto lili pa giya kapena pa malo amene ukuyendapo, ndipo mphepo siichotsa vutolo.

Zonsezi ukuzidziwa, ndipo vuto lako likanakhala kusadziwa ndikanakupatsa Chiwala masana aja n'kuwonjezerapo riboni. Vuto lako ndi anthu akamaomba m'manja. Ndikunena za ku Ntaja pa Idi yapitayi.

Tinapita kwa abale a bambo ako. Swala, mapemphero a Idiwo, itatha, aliyense atavala zatsopano, akabaza anaimika njinga mzere m'mbali mwa bwalo la mchenga lija kuti aone galimoto ya ku Balaka. Dzulo lake unali utasintha kagiya ka pa mota osandiuza, kuchotsa kakang'ono n'kuikapo ka mano ambiri kamene kanabwera m'bokosi limodzi ndi mota. Ndinadziwa Chiwala atangonyamuka, chifukwa mawu ake anali a munthu wina. Ndivomereze, anali wokongola. Anapikisana ndi wakabaza wina wodzitama ndi miyendo, n'kumusiya akupalasa m'fumbi. Ngakhale shehe anaima panjira, kuiwala kumene amapita. Azimayi ankafuula, “Mwana wa Abiti Sumani! Mwana wa Abiti Sumani!” ndipo ine ndinatupa moti chitenje chinatsala pang'ono kumasuka, sindibisa.

Koma kagiya kakakulu kali ngati kupalasa njinga pa giya yolemera utanyamula matumba a chinangwa: pa tsetse uthamanga, pa chitunda miyendo imayaka. Wonjezerapo mchenga wozama, udzu wokulungika m'matayala, dzuwa la masana, ndi chala chako chosachoka pa liwiro. Ndinakuitana kuti ubwere naye tiyeze. “Kamodzi kokha, amayi!” Ndinaitananso. “Kamodzi kokha!” Kenako sindinaitanenso. Ndinadutsa pakati pa anthu n'kukulanda rimoti m'manja, ndipo bwalo lonse linati aaa, ngati ndamenya mwana pa tsiku la Idi. Wakabaza uja, akadali wefuwefu, anati, “Mayi, musiyeni mwana asangalale.” Ndinamuuza kuti akagule yake aiwotche. Kamfuti kanati 79.

Sunandilankhule mu minibasi mpaka tinadutsa Liwonde. Mpaka lero umati ndinakuchititsa manyazi. Inde, ndinakuchititsa, ndipo Chiwala akuyendabe.

Ku Blantyre kudzakhala bwalo lina lotero, ndipo ine sindidzakhalapo. Ndikuwadziwa anyamata a m'makalasi amenewo, abambo awo ndinaphunzira nawo. Adzayang'ana mpango wako wa kumutu, adzamva kuti ndiwe wa ku Balaka, wina adzafunsa ngati wasochera popita ku kalasi ya zophika. Magazi adzakukwera, udzatulutsa Chiwala, ndipo adzatseka pakamwa. Mpaka pamenepo ndili nawe, ndipo ndikanakonda ndikanabisala kuseri kwa mtengo kuti ndione nkhope zawo. Koma akatseka pakamwa adzayamba kuomba m'manja, n'kumati, “Kamodzi kokha, sisi, kamodzi kokha!” Apo ndiye ndikuopa. Ofuulawo sadzakhalapo pamene udzakhale ukutsegula mota yopserera. Adzakhala atapita kukadya.

Usaganize kuti ndikuphiphiritsa, kuti mota ndi iweyo, kutentha ndi anyamata, kapena zina zotere za alangizi a pa wailesi. Za anyamata azakhali ako anakuuza kale kuchipinda, motalika kuposa mmene amadziwira. Za kupemphera, kudya, ndi kusabwereketsa nsapato uli ndi nzeru zako. Ine ndikunena za mota.

Bambo ako aimba foni alendo atangochoka, azakhali ako atawafikira kale. “Mpatseni mwana galimoto yake,” akutero ali ku Joni, kumene kulamula n'kosavuta. Ndawafunsa kuti yake iti? Anasema tayala ndiwe, inde. Anakonza rimoti ndiwe, ndipo mawaya ang'onoang'ono umawotcherera bwino kuposa ine tsopano, ngakhale izi usakauze munthu. Koma amene amamutsitsa Chiwala pa shelefu shopu ikatsekedwa ndani? Amene amathamangitsa naye nkhuku za eni pa ufa woyanika, ali khale pa mpando, tambala wa Che Jafali n'kulumpha mpanda nthenga zili m'mwamba, ndani? Si ine? Ndawauza kuti kuyambira mawa m'nyumba muno mukhala ine, mafani akufa a anthu, ndi wailesi. Ati, “Kodi mukulira?” Ndati ndi utsi wa chowotcherera, n'kudula foni, chifukwa mayunitsi ndi awo koma nthawi ndi yanga.

Nditadula ndakhala m'shopu Chiwala ali pa tebulo, ndikuganiza za ku Utale ndi za ku Ntaja. Mtsikana amene anang'amba jumbo pakati pa ukwati ndi uja ankati kamodzi kokha ndi munthu mmodzi, ndipo sindikudziwa kuti ndi uti akwere minibasi mawa. Koma ndikudziwa kuti ine ndinapita ku sukulu imeneyo ndi sutikesi ya malata ndi mutu wanga basi, ndilibe chogwirika chosonyeza munthu kuti manja angawa amatha chiyani, ndipo nditachoka sipanatsale kanthu konena kuti ndinaliko. Iwe sulowa choncho. Ulowa utanyamula chinthu choyenda, choukitsidwa ku Balaka, pa tebulo langa. Akakufunsa kuti anakuphunzitsa ndani, utchule dzina langa lonse, mokweza, makamaka ngati pali mphunzitsi wa imvi amene angalikumbuke.

Ndiye mtenge. Wamva? Mtenge, usiye kuzunza nsapato.

Ali m'katoni ya sopo kuseri kwa chitseko cha shopu. Kamfuti kali momwemo, ndi mswachi, ndi tepi yakuda yotsala. Mabatire ndawaika padera m'chitini cha mabisiketi, nsonga zake nditamata tepi, ali ndi moto wa theka chifukwa sakonda kugona okhuta kapena anjala. Mu minibasi usalole kondakitala kuika katoniyo pa chitunda chija cha kumbuyo kwa dalaivala. Pansi pake pali injini, ndipo pofika pa Zalewa mabatire adzakhala ataphikika. Unyamule pamiyendo. Akadandaula, umuuze kuti muli mazira. M'chipinda chako usamuike pawindo la dzuwa. Ukayamba kumuyendetsa kumeneko, uyambe pang'ono n'kuyeza, chifukwa bwalo lililonse lili ndi khalidwe lake: pa simenti n'popepuka, pa kapinga n'polemera kuposa mmene pamaonekera. Ku Blantyre n'kozizira kuposa kuno, ndipo zimenezo zidzakunyenga kuti mpanda uli kutali. Okutobala amafika kumenekonso.

Pita bwino, mwana wanga. Allah akutsogolere, akupatse aphunzitsi odziwa ntchito yawo ndi mnzako wa m'chipinda wosaba sopo. Ukandiimbire ukafika, ndipo tsiku loyamba kumuyendetsa undiuze nambala imene kamfuti kanena, yeniyeni, chifukwa mawu ako ndimawadziwa ukamachotsera. Mamawa usandikumbatire pa siteji pamaso pa akabaza. Undigwire dzanja ngati munthu wamkulu, ukwere, ukhale pawindo la mbali yopanda dzuwa.

Ndine mayi ako,
Abiti Sumani

Ndisanaiwale. Pa mota ndamangapo kagiya ka mano ochepa. Kakakulu kaja kali pa mfundo ya chitenje changa.